MUVI WOVINA: MBONI IMENE TINAINYOZA

Usiku wina wa mvula m'mwezi wa Febuluwale 2023, anansi athu anagogoda pakhomo nthawi itapitirira 10 koloko. Mpongozi wao anali atayamba matenda a ucembere, ndipo azamba a m'mudzi anaona kuti mwana sanagone bwino m'mimba. Cipatala ciri pa mtunda wa makilomita 28, ndipo m'mudzi monse galimoto inalipo imodzi yokha, ndiyo vaneti yathu yakale ya petulo. Tinayala matiresi kumbuyo, amai atatu anakwera pamodzi ndi wodwalayo, mwana wathu wamwamuna nagwira ciongolero.

Titayenda makilomita 11, pamalo pamene msewu wafumbi uli ndi timizere togwedeza matumbo, injini inazima mwadzidzidzi monga munthu wauzira nyali. Siinatsokomole, siinacenjeze. Tinayesa kuiliza kakhumi konse; sitata inali kuzungulira bwino, koma injini osagwira. Pomaliza mlimi wina wa pafupi anamanga ng'ombe zake pangolo natenga wodwalayo. Anafika kucipatala tambala woyamba atalira. Mai ndi mwana ali moyo lero, koma anamwino sanatibisire kuti ola lina likanapita nkhani ikanakhala ina.

Cimene cimaticititsa manyazi kufikira lero ndi cakuti vanetiyo inali itaticenjeza kwa miyezi iwiri. Pa deshibodi pali kankoloko kamene kamaonetsa liwiro limene injini ikuzungulira, kamene amakanika amakacha takomita kapena rev counter. Muvi wake unali utayamba kuvina: apa walumpha kufika pa 5, apa wagwa pa 0, apa wabwereranso. Ife tinali kuseka, nkumati kankoloko kakalamba. Sitinadziwe kuti muviwo unali mboni yokhayo imene inali kuona vuto liri kukula.

Masabata atatu ogula mongoganiza

Itakokedwa kufika pakhomo, vanetiyo inalira yokha m'mawa mwake ngati palibe cinacitika. Apa ndipo panayambira ulendo wa kutaya ndalama. Mnyamata woyamba anati ndi mapulagi, tinagula. Waciwiri anati ndi pampu ya petulo, tinagula. Wacitatu anagwira koilo, naipeza yotentha, nati wapeza mfiti; tinagulanso koilo yatsopano. Pa tala galimoto inali kuyenda bwino, koma ikangoponda msewu wa miyala matenda anali kubwerera. Ndalama za matumba angapo a nshawa, zimene zinali za sukulu ya ana, zinathera m'zitsulo zimene zinalibe mlandu.

Pomaliza anatilozera kwa bambo wina wacikulire amene anagwirapo nchito m'magaraji a ku migodi. Iwo sanafulumire kutsegula boneti. Anatipatsa mpando natifunsa kuti, "Aphunzitsi, pamene injini ikuzima, muvi uja umatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi injini, kapena umayamba ndiwo kugwa?"

Mwana wathu anayankha kuti, "Abambo, umagwa pa 0 nthawi yomweyo, galimoto ikali kuthamanga."

"Basi," anatero iwo, "petulo alibe mlandu. Tiyeni titsate nthambo."

Pasanathe theka la ola vuto linapezeka. Mwini wake woyamba wa vanetiyo ndiye anaikamo takomita, ndipo nthambo yake anaipititsa pa kabowo ka citsulo cimene cimalekanitsa injini ndi pokhala anthu, osaikapo kamphira kochinjiriza. Kwa zaka zambiri citsulo cinali kudya cikopa ca nthamboyo mpaka mkuwa unaonekera. Galimoto ikagwedezeka, mkuwa unali kukhudza citsulo, ndipo moto wa mapulagi unali kutha. Kukonza kwake kunafuna kanthambo kotalika ngati mkono ndi kamphira kamodzi.

Njira imene moto umayenda

Kuti timvetse cifukwa cimene kanthambo kakang'ono kangaimitse galimoto yonse, tiyenera kudziwa ulendo wa magetsi. Njira yoyatsira petulo ndi batire ndi koilo inakonzedwa ndi Charles Kettering wa ku America, ndipo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Cadillac mu 1910. Ngakhale zipangizo zasintha kwambiri, nzeru yake ikali yomweyo.

Batire limapereka mavoti 12 cabe, mphamvu imene siingadumphe kampata ka pa pulagi. Magetsi amacoka ku batire, nadutsa pa swichi ya makiyi, nalowa m'koilo pa msomali wa cizindikiro ca +, umene pa makoilo ambiri umalembedwanso nambala 15. Amatuluka pa msomali wa −, wolembedwa 1, napita ku mapointi a mu distributa, ndipo kucokera kumeneko amalowa m'thupi la injini nabwerera ku batire. Njira yobwerera kudzera m'citsulo imeneyi ndiyo amakanika amati ethi. Nthawi iriyonse mapointi akatseguka, magetsi amadulidwa mwadzidzidzi, ndipo koilo imaturutsa mphamvu yoposa mavoti 20,000. Mphamvu imeneyi imagawidwa ndi distributa kupita ku mapulagi mwa dongosolo lake. Pa mainjini ambiri a masilinda 4 dongosololi ndi 1-3-4-2.

Tsono takomita ya magalimoto otere imalumikizidwa pa msomali wa − wa koilo, ndipo nchito yake ndi kuwerenga kangati magetsi adulidwa. Pa injini ya masilinda 4, moto umafunika kawiri injini ikazungulira kamodzi. Injini ikamalira itaima pa 800 pa mphindi, takomita imawerenga kudulidwa kokwana 1,600. Ikafika pa 3,000, kudulidwako ndi 6,000 pa mphindi, ndiko kuti 100 pa sekondi. Apa ndipo pali phunziro lonse. Muvi suona injini. Umaona magetsi a moto. Ndiponso popeza nthambo yake iri pa msomali umodzi ndi mapointi, ikakhudza citsulo zimakhala ngati mapointi atsekeka osatsegukanso. Moto umatha, ndipo koilo imatentha cifukwa magetsi akungodutsamo osapuma. Mnyamata amene anagwira koilo yathu anaona cizindikiro ceniceni, koma anaweruza wosalakwa.

Zimene muvi umanena

Bambo aja anatiphunzitsa kusiyanitsa macitidwe anai a muvi, ndipo yense woyendetsa galimoto angawasunge pamtima.

Coyamba: muvi ukuvina koma injini ikulira bwino, yosadukiza. Apa moto uli bwino, ndipo vuto liri pa takomita yeniyeniyo, pa nthambo yake, pa ethi ya deshibodi, kapena pa altaneta. Altaneta imene ma diode ake apsa imaturutsa magetsi osakhazikika, ndipo muvi umanjenjemera. Kawirikawiri ethi ya deshibodi ikakhala yoipa, mivi ina monga wa petulo ndi wa kutentha nayonso imasokonezeka, makamaka mukayatsa nyale.

Caciwiri: muvi ukuvina ndipo injini nayo ikudukiza nthawi yomweyo. Vuto liri pa njira ya moto: cilumikizo comasuka pa koilo, mapointi akupsa, kondensa yotha, swichi ya makiyi yokutha, kapena nthambo yokhuzuka monga yathu.

Cacitatu: muvi ukugwa pa 0 mwadzidzidzi galimoto ikali kuyenda m'giya. Mawilo akali kuzunguza injini, motero muvi sukanayenera kugwa. Ngati wagwa, ndiye kuti magetsi a moto aduka. Koma ngati injini ikutsokomola, mphamvu nkumacepa, muvi nkumatsika pang'onopang'ono pamodzi nayo, yambani kukayikira petulo: sefa yotsekeka, pampu, kapena madzi m'thanki.

Cacinai: injini yakana kulira. Yang'anani muvi pamene sitata ikuzungulira. Pa magalimoto ambiri umagwedezeka pang'ono. Ngati wangogona phee osasuntha, cizindikiro ca kuzungulira kwa injini sicikufika, ndipo kufufuza kuyambire ku mapointi kapena ku sensa.

Palinso muvi umene suvina koma umanama. Matakomita ogula padera amakhala ndi kaswichi kumbuyo kolembedwa 4, 6, 8. Mukaika pa 8 pamene injini ndi ya masilinda 4, muvi udzaonetsa theka cabe la liwiro leni-leni.

Kutsata nthambo mwa dongosolo

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zida zofunika sizambiri: mita yopimira magetsi, kababu ka mavoti 12 komangiriridwa nthambo ziwiri, sipanala zocepa, ndi kansalu ka sandipepa. Koma cida cacikulu ndico kuyambira poyambira ndi kusalumpha sitepe.

Yambani ndi batire. Batire lodzaza bwino, injini itazima kwa kanthawi, limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapitirira 15, kapena ikamalumphalumpha, altaneta ndiyo ifufuzidwe. Mitu ya batire ikhale yoyera ndi yomangika. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umachinga magetsi. Taona magalimoto ambiri oyenda ndi msomali wokhomeredwa pa mutu wa batire kuti ugwire. Kumeneko nkuitana tsoka.

Kenaka onani ethi. Pali nthambo yaikulu yocokera ku − wa batire kupita ku thupi la galimoto, ndi ina yolumikiza injini ndi thupilo. Dzimbiri, mafuta ndi matope zimalowa pansi pa maboti ake. Njira yapafupi yoyesera ndi iyi: tengani nthambo imodzi yojampira, mbali ina pa − wa batire, ina pa citsulo coyera ca injini. Muvi ukakhazikika, mwapeza wakuba. Masulani boti, palani mpaka citsulo ciwale, mangani zolimba.

Cacitatu, tsegulani makiyi ndi kupima pa + wa koilo. Magetsi ayenera kufika. Magalimoto ena ali ndi kacipangizo kocepetsa mphamvu panjirapo, kochedwa ballast, motero mita ingaonetse mavoti ocepera 12. Kameneka nako kamasweka kapena kumasuka. Gwedezani makiyi pang'ono injini ikulira. Ikadukiza, swichi yatha. Mtolo wolemera wa makiyi a nyumba, a nkhokwe ndi a sitolo ukamalendewera pamenepo zaka zambiri umathandiza kuiwononga.

Cacinai, ikani kababu kaja pakati pa − wa koilo ndi citsulo ca injini, wina nkumaliza sitata. Kababu kayenera kuphethira. Kakangoyaka osazima, mapointi sakutseka bwino kapena nthambo yopita ku distributa yaduka. Kakakhala kozima pamene pa + magetsi alipo, mapointi sakutseguka, kapena pali nthambo imene yakhudza citsulo, kapena koilo yaduka mkati. Apa ndipo pali muyeso umene ukanatipulumutsa usiku uja: cotsani nthambo ya takomita pa koilo, ndipo yesaninso. Injini ikalira, mlandu watha. Galimoto imayenda bwino lomwe popanda takomita, ndipo nthamboyo mungakonze mutafika. Nchito imeneyi siitenga mphindi ziwiri.

Pa magalimoto a mapointi, kampata kake kamakhala pafupifupi mamilimita 0.4, koma buku la galimoto yanu ndilo linene muyeso weni-weni. Tsegulaninso civundikiro ca distributa. M'nyengo ya mvula cinyezi cimalowa, ndipo mng'alu wocepa ngati tsitsi ungasoceretse moto.

Cacisanu, ngati vuto limabwera ndi kupita, lisakeni ndi manja. Injini ikulira, gwedezani mitolo ya nthambo umodziumodzi, wina ali kuyang'ana muvi. Samalirani malo amene nthambo zimadutsa pa citsulo, zimene zagona pafupi ndi paipi yotentha ya utsi, ndi pamene munthu wina anapotokola nthambo ziwiri nakulunga tepi. Musaiwale makoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe nthawi yokolola imasanduka nyumba yao, ndipo cikopa ca nthambo amacitafuna.

Pomaliza, dikirani mdima. Lizani injini, tsegulani boneti, zimitsani nyale. Ngati nthambo zonenepa za mapulagi zatha, mudzaona timoto tobiriwira tikuthetheka m'mbali mwake. Moto wothawa wotere umasokonezanso takomita, makamaka ngati nthambo yake yamangidwa pamodzi ndi za mapulagi. Ziwirizi zisayende njira imodzi.

Magalimoto a masiku ano ndi a dizilo

Magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu yathu tsopano ndi aja ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam nalowa pa Nakonde. Amenewa alibe mapointi, ndipo ambiri alibe ndi distributa yomwe. Pulagi iriyonse iri ndi koilo yakeyake. Nchito ya mapointi inatengedwa ndi sensa imene imawerenga kuzungulira kwa crankshaft ndi kuuza kompyuta ya galimoto. Kompyutayo ndiyo imalamula moto ndi petulo, ndiyonso imatumiza uthenga ku muvi.

Ngakhale ziri tero, umboni wa muvi ukali wothandiza. Sensa imeneyi ikayamba kutha imakonda kufooka injini ikatentha: galimoto imazima, muvi nkugwa pa 0, ndipo ikazizira kwa kanthawi imaliranso. Munthu wocoka ku Lusaka kupita ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 550, angaime kangapo m'mapiri a ku Luangwa cifukwa ca kanthu kameneka, kapena cifukwa ca cilumikizo cake cimene calowa mafuta ndi fumbi.

Ubwino wake ndi wakuti kompyuta imasunga mbiri ya zolakwika. Pansi pa deshibodi pali soketi ya mabowo 16 ya dongosolo lochedwa OBD-II, limene linakhala lamulo pa magalimoto a ku America kuyambira 1996 ndipo linafalikira m'maiko ena pambuyo pake. Makanika akalumikizapo makina ake amawerenga manambala: P0335 imaloza ku njira ya sensa ya crankshaft, P0300 imanena kuti moto ukudukiza m'masilinda osiyanasiyana. Koma cenjerani. Nambalayo imaloza njira yonse, osati sensa yokha. Nthambo yoduka kapena ethi yadzimbiri ingabweretse nambala yomweyo, ndipo wogula sensa asanapime nthambo akubwereza kulakwa kwathu. Kababu kaja musakagwiritse nchito pa nthambo za masensa, cifukwa kangaononge kompyuta. Pamenepo pafunika mita ndi munthu wodziwa.

Injini ya dizilo iribe koilo kapena mapulagi a moto. Pa magalimoto ena a dizilo takomita imatenga uthenga ku altaneta, pa msomali wolembedwa W. Pa otere muvi ukayamba kutsika kapena kuvina, yang'anani lamba wa altaneta, pakuti akamatereza muvi umanama, ndipo batire nalo silikudzaza.

Zimene sitiyenera kucita

Pali zizolowezi zina za m'mbali mwa msewu zimene zaononga magalimoto ambiri. Cacikulu ndi kucotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati altaneta ikugwira nchito. Pa galimoto ya kompyuta, kutero kungatenthe zipangizo za mtengo wapatali m'kamphindi. Cina ndi kuika kawaya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi yakupsa. Fyuzi inapangidwa kuti ife m'malo mwa galimoto; ikapsa kawiri, pali nthambo imene yakhudza citsulo, ndipo woitsekereza ndi waya akukonzera moto banja lake.

Pogwira nchito pa nthambo, yambani mwacotsa mutu wa − wa batire, ndipo pobwezera muumange pomaliza. Vulani mphete ndi nkoloko ya pamkono. Musagwire nthambo za mapulagi ndi manja injini ikulira, ndipo munthu amene anaikidwa kacipangizo kothandiza mtima kugunda atalikire konse. Musayese moto wa pulagi pafupi ndi petulo wotayika. Manja, malaya ndi citenje zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Polumikiza nthambo, iwocherereni kapena gwiritsani zolumikizira zopanira, ndipo paliponse pamene idutsa pa citsulo ikani kamphira.

Popita kwa makanika

Si tonse amene tingagwire sipanala, koma tonse tingakhale mboni zabwino. Sungani kabuku m'galimoto. Lembani kuti vuto labwera injini iri yozizira kapena yotentha, pa tala kapena pa miyala, mvula ikugwa kapena kuli dzuwa, nyale ziri zoyaka kapena zozima, ndipo koposa zonse, muvi unacita ciani. Kumbukiraninso nchito yomaliza imene inacitika pa galimotoyo. Wailesi yatsopano, alamu ya akuba, kapena nyale zoonjezera kawirikawiri zimasiya nthambo zodulidwa kumbuyo kwa deshibodi.

Ndipo makanika akati gulani cakuti, musacite manyazi kufunsa mwaulemu kuti, "Mwapima ciani cimene caonetsa kuti cimeneci ndico cafa?" Safunsa anadya phula. Mmisiri woona amakondwa ndi funso limeneli, pakuti amakuonetsani pa mita. Amene amakwiya nalo, mwina akungoganiza ndi thumba lanu.

Kumudzi galimoto siikhala ya mwini wake yekha. Ndiyo ambulansi, ndiyo imanyamula maliro, ndiyo imapititsa mbeu kumsika. Cifukwa cace kuisamalira ndi udindo umene tiri nao kwa anansi athu. Koilo yakale ija, imene inalibe mlandu, tinaisunga pa shelefu, ndipo kamwana kamene kanabadwa usiku uja tsopano kamathamanga pabwalo. Tikakaona kakudutsa pafupi ndi vaneti timakumbukira kuti moyo wake unatsala pang'ono kutayika cifukwa ca kanthambo kamene tikanakonza miyezi iwiri m'mbuyomo. Muvi wa galimoto yanu ukayamba kuvina, musadikire usiku wa mvula. Tsegulani boneti sabata yomweyo, kukali kowala.